Madzi a Shuga a Mayi Herminia

"Onani nokha, Bambo. Muli chiyani umu?"

Noemi anakweza botolo lofiira lomwetsera mbalame n'kuligwedeza pamaso pa bambo ake. Munalibe ndi dontho lomwe. Mabotolo ena atatu olendewera pakhondepo nawonso anali ouma. Kambalame kamodzi ka chuparosa, ka mtundu uja woyamwa timadzi ta m'maluwa, kanayesa boowo ili, kanayesa ilo ndi kamlomo kake konga singano, kenaka kanagwa ulesi n'kuulukira kuseri kwa mpanda.

"Ndinathira dzulo madzulo," anatero a Isidoro. "Makapu anayi a madzi, kapu imodzi ya shuga. Ndinawiritsa, ndinadikira kuti azizire, ndinadzaza onse anayi mpaka m'khosi."

"Loweruka lapitali munanenanso zomwezo."

"Chifukwa Loweruka lapitalinso ndinathira!"

"Ndiye madziwo apita kuti? Timbalameti dzuwa likangolowa timakagona. Mabotolowa sakudontha, ndayang'ana. Mukufuna kundiuza kuti akumwa ndani?"

A Isidoro anayang'ana mabotolo oumawo limodzilimodzi.

Anali ndi zaka 79, munthu amene anathera unyamata wake wonse mumgodi wa mkuwa osaiwalapo chipewa n'tsiku limodzi lomwe. Mabotolowa sanali awo. Anali a akazi awo, mayi Herminia, amene tinawaika m'manda mu Febuluwale. Kuno kwathu aliyense amadziwa kuti chuparosa akaima m'malere n'kumakuyang'ana m'maso, ndiye kuti wina amene anatsogola wakutumizira moni. Mayi Herminia ali moyo, a Isidoro ankaziseka zimenezi, ankati ndi nkhani za amayi a kutchalitchi. Koma chiikireni maliro, m'mawa uliwonse ankakhala pakhonde ndi khofi wawo kudikira kambalame kena ka pakhosi pofiirira, kamene kankamwa katatu kenaka n'kuima patsogolo pawo kanthawi. Sankauza munthu, koma tonse tinkawaona.

Vuto linayamba mu Julaye, tsiku limene anasiya nyemba pambaula ya gasi n'kupita kokameta. Poto anapserera, utsi unadzaza nyumba, anthu anachita kuswa zenera. Kuyambira pamenepo Noemi, amene ankagwira ntchito kukhitchini ya sukulu ina mumzinda wa Tucson n'kumabwera Loweruka lokha, anayamba kutola zolakwa za bambo ake ngati wosankha miyala mumpunga. Iye ndi mchimwene wake Efrain wa ku California anali atapeza kale chipinda kunyumba yosungirako okalamba. Chinkangotsala n'chakuti mdalayo asayine.

"Za nyemba zija ndinavomera," anatero a Isidoro. "Kamodzi kokha. Iweyo sunapsererezepo chakudya chibadwire?"

"Sindikukuimbani mlandu, Bambo. Ndikuopa. Foni ikalira usiku mtima wanga umachita ngati ufuna kutuluka."

"Nyumba ino ndinamanga ndi manja angawa. Amayi ako anatsirizikira m'chipinda icho. Ukufuna ndikafere pakati pa anthu osadziwa ndi dzina langa lomwe?"

Noemi anayang'ana pansi. Anawasiyira matotiya, timikate topyapyala ta chimanga, ndi nyama yophikaphika mufiriji, anawapsompsona pamphumi, ndipo ali pachitseko cha galimoto anati, "Chipindacho atisungira mpaka kutha kwa mwezi uno. Loweruka ndibwera ndi mapepala."

Galimoto itangokhota, pampanda panatulukira mutu wa Socorro. Ameneyu anali mng'ono wake wa mayi Herminia, nayenso wamasiye, ndipo ankakhala nyumba yoyandikana nayo. Mulungu polenga Socorro anamupatsa mtima wabwino, koma pakamwa anaiwala kuikapo chitseko.

"Alamu, mwamwanso madzi a mbalame? Shuga akakutherani muzingopempha, musamalande ana chakudya."

"Kasamale nkhuku zako, iwe."

"Chikanakhala chimbalangondo cha kuphiri, bwenzi mabotolowo ali zidutswazidutswa. Kapena ndi achemwali anga omwe akubwera kudzamwa? Mwina kumene aliko shuga ngwosowa."

Anaona nkhope ya mlamu wake ndipo kuseka kunathera pakhosi. Anatsitsa mawu.

"Koma mukuthiradi, alamu?"

"Nawenso?"

"Ndangofunsa."

"Galu wamkota sakandira pachabe, Socorro. Ndikati ndathira, ndathira. Ubwere mawa madzulo udzaone ndi maso ako."

Lamlungu madzulo Socorro anabweradi, anaimirira pomwepo mpaka botolo lachinayi linadzaza. Lolemba m'mawa onse anali ouma, ndipo simenti ya pakhonde inkamata nsapato. Socorro anaimbira Noemi foni ali wonyadira ngati wagwira wakuba. Koma umboni wakewo unangowonjezera moto.

"Amayi aang'ono, ndiye zafika poipa," anatero Noemi. "Ndiye kuti akudzuka usiku n'kumakataya madziwo okha osadziwa. Mwati pansi pakumata? Tsiku lina adzatuluka pageti, tidzawatola kumsewu waukulu."

Socorro anawauza a Isidoro zimenezi. Kwa nthawi yoyamba nawonso anadzikayikira. Anayang'ana mapazi awo, ananunkhiza manja a malaya ogonera, anasuzumira pansi pa masilipasi ngati pali shuga. Palibe chinthu chomvetsa chisoni ngati munthu wamkulu akudzifufuza yekha.

Lachitatu anaganiza zolondera. Chikwatirireni iwo anali munthu wogona ndi nkhuku, eyiti koloko ikamakwana mkonono uli pakati. Tsiku limenelo anamwa khofi makapu atatu, anazimitsa magetsi onse, anakhala pampando wa pakhonde atafunda bulangete, tochi ili pamwendo. Nkhandwe zinalira kukhwawa, zinasiya. Cha m'ma teni koloko anamva kaphokoso ngati wina akukutumula nsalu, ndipo kamphepo kanawadutsa patsaya. Anayatsa tochi.

Inali mileme. Osati iwiri kapena itatu, koma chigulu, ikuzungulira khonde lonse mosinthana. Sinali mileme ija yodya udzudzu. Iyi inali ya mphuno zazitali, nkhope zili mbuu ndi ufa wachikasu wa maluwa a khonje wa m'mapiri. Uliwonse unkaima pabotolo kanthawi kongophethira diso, kuponya lilime m'boowo, n'kupatsa mpata unzake. Madontho ankagwera pasimenti. Ola lisanathe, mabotolo awiri anali atauma.

Poyamba a Isidoro anaseka okhaokha mumdimamo. Kenaka anakumbukira zina, ndipo kusekako kunazilala. Chaka chilichonse Seputembala akafika, mayi Herminia ankagula shuga wa m'matumba akuluakulu, iwo n'kumakalipa kuti shuga yenseyu akulowa kuti. Mayiwo ankangoti, "Ndili ndi alendo ambiri, bambo." Anakumbukiranso mausiku amene ankatembenuka n'kupeza mbali ina ya bedi ili zii, ndi tsiku lina limene anawapeza ataimirira pazenera la kukhitchini mumdima, ketulo ili m'manja. Atawafunsa anayankha kuti, "Ndikupemphera, kagoneni." Ndiye kuti mayiwo ankawadziwa alendowa. Ankawaonerera okha, ndipo kusanache ankadzazanso mabotolo kuti chuparosa asapeze mbale zouma. Zaka makumi asanu ndi ziwiri m'nyumba imodzi, mkazi ali ndi chisangalalo chake usiku, mwamuna akuliza mkonono. A Isidoro anazimitsa tochi n'kulira monga sanalirire kumanda.

Misozi itauma anatenga foni. Apa ndi pamene analakwitsa, chifukwa nthawi inali itadutsa kale thwelofu.

"Noemi! Ndawapeza! Ndi mileme!"

"Bambo? Muli kuti? Mwagwa?"

"Ndili pakhonde. Mileme, mwana wanga, yambirimbiri, ikumwa ngati anthu a paukwati!"

"Mileme imadya tizilombo, Bambo. Simamwa madzi a shuga."

"Iyi ndi ina! Ya mphuno zazitali, nkhope zachikasu. Amayi ako ankaidziwa, ankaidyetsa usiku ine ndili mtulo!"

"Nkhope zachikasu," anabwereza Noemi pang'onopang'ono. "Ndipo Amayi ankaidyetsa."

"Eya!"

"Mankhwala anu mwamwa? Lowani m'nyumba, chonde. Mukhome chitseko."

Foni isanaduke anamva mwana wawo akufwenthera. Anayesa kujambula chithunzi ndi kafoni kawo kakale kopinda kaja, koma chinatuluka chakuda bii. Wamisala anaona nkhondo, amatero akulu, ndipo usiku umenewo wamisalayo anali a Isidoro.

Lachisanu masana anapita kwa Socorro. Anamupeza akupachika tsabola wofiira pakhoma kuti aume.

"Mlamu, ukonde uja umaphimbira mkuyu wako, undibwereke."

"Mwayamba usodzi paukalamba? M'chipululu muno?"

"Ndikufuna mleme umodzi wokha. Ndiuika m'bokosi la nsapato, Noemi akauona mawa ndiutaya uzipita."

"Bwanji ndidzalondere nanu, ndidzachitire umboni?"

"Ndi maso a ng'ala amenewo? Iwe usiku sungaone ngakhale ng'ombe itaima pakhomo. Komanso umboni wako wa Lolemba unandiphika. Za pakamwa zakwana, mwana uja akufuna chogwira ndi manja."

Socorro anakatenga ukondewo m'shedi, wakuda, wa ulusi wopyapyala ngati tsitsi. Sanaupereke msanga.

"Muvale magolovesi, mileme imaluma ndipo ina imakhala ndi chiwewe. Komanso mundimvere, alamu. Ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere. Chuparosa amadzuka tambala asanayasamule. Ukonde uwu sudziwa wakuba, sudziwa mwini munda. Chaka chatha unandiphera mbalame ziwiri pamkuyupo."

"Pofika pakati pa usiku ndikhala nditauchotsa. Ukundiona ngati mwana?"

"Mwana ndikanamukwapula. Inu ndingokupemphererani."

Dzuwa litalowa, timbalame titapita kokagona, a Isidoro anadzaza mabotolo, anakoleka ukonde pamisomali kuchokera nsanamira ina kufika inzake, n'kukhala pampando wawo. Mtima unali m'malo. Ankadziona kale akutsegula bokosi pamaso pa Noemi, ndipo anali atakonza ndi mawu oti adzanene.

Mileme inafika nthawi yake yomwe ija. Yambiri inauzemba ukondewo, koma pasanapite nthawi umodzi unakodwa, n'kuyamba kulira tswii tswii ukuphupha. Unzake unakodwanso chapafupi.

"Basi, basi, mwakwana," anatero a Isidoro. "Dikirani nditenge bokosi ndi magolovesi."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko kuopa udzudzu. Anayatsa getsi la kukhitchini. Anaima pakati pa chipindacho, dzanja lili m'malere, osadziwa chimene adzera. Anayang'ana firiji, anayang'ana kabati. Musinki munali poto amene anawiritsira madzi a shuga. Anati mwina ndi ameneyu, ndipo anamutsuka bwinobwino, anamupukuta, anamupachika pamalo pake. Thupi linali lolemera ndi tulo ta masiku atatu. Anazimitsa getsi, anavula nsapato, anapemphera monga mwa masiku onse, n'kugona. Anagona tulo tokoma timene anali asanagonepo chimwalirire akazi awo.

Anadzidzimuka ndi kulira kwa hutala. Dzuwa linali litalowa kale m'chipinda mpaka pabedi. Anakhala tsonga akudabwa kuti lero agonereza bwanji, ndipo ali mkati movala nsapato yachiwiri, zonse zinabwerera nthawi imodzi. Anathamanga nsapato ina ili m'manja.

Noemi anali ataima pamasitepe a khonde, envulopu ya khaki ili kukhwapa, dzanja lili pakamwa. Socorro anali akulowa pageti ndi ndodo yake. Ukonde unali utagwa mbali imodzi chifukwa cha kulemera. Munali mileme isanu ndi iwiri, itakulungika m'maulusi ngati nsanza. Inayi inali itauma kale. Itatu inkapumabe mwapatalipatali, timalilime tili panja.

"Ya mphuno zazitali," ananong'ona Noemi. Anawerama n'kuyang'anitsitsa. "Nkhope zachikasu. Mayo ine, Bambo!"

Envulopu inagwera pansi. Anawakumbatira bambo ake akulira ngati kamwana.

"Ndikhululukireni. Ndinakusandutsani wamisala, inu mukunena zoona. Masabata atatu onsewa mukuthira madzi, ine ndikukuwerengerani milandu. Ndikhululukireni, Bambo."

A Isidoro sankamumva. Maso awo anali pamwamba pa phewa la mwana wawoyo, pakona ya ukonde pafupi ndi botolo loyamba. Panali kanthu kakang'ono ngati chala chachikulu, mutu uli pansi, phiko limodzi litapotoka. Dzuwa linkawala pakhosi pake pofiirira. Kanabwera m'bandakucha monga mwa masiku onse, kudzamwa katatu.

Socorro nayenso anakaona. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Anakatenga sizasi ndi magolovesi a m'munda. Iye ndi Noemi anadula ulusi umodziumodzi mpaka mileme itatu yamoyo ija inamasuka, anaiika m'bokosi mumthunzi ndi kachivindikiro ka madzi a shuga. A Isidoro anamasula okha kambalame kaja. Kanali kopepuka moti m'dzanja munkangokhala ngati mulibe kanthu. Anakhala nako pampando, atakafumbata.

Noemi anatola envulopu ija n'kuipukuta fumbi. Nkhope yake inali itamasuka, ankachita kuseka misozi ili m'masaya.

"Efrain ndimuimbira pompano, amve manyazi amene ndamva ine. Mapepala awa ndikukolezera moto. Koma nanunso Bambo, kuuma mtima! Kuusiya ukonde usiku wonse kuti ine ndidzaone ndi maso anga? Umodzi wokha ukanakwana."

Apa ndiye panali pothawira. Mwana anali atawatsegulira yekha chitseko, chongofunika chinali kugwedeza mutu basi. Nyumba ikanakhala yawo, khonde lawo, chipinda chimene anatsirizikira akazi awo. Socorro ankadziwa zimene anagwirizana dzulo lake, koma anayang'ana kumbali n'kuyamba kupinda ukonde. Zinali zoonekeratu kuti mlamu ameneyu akanapita nacho kumanda chinsinsicho.

"Sindinausiye dala," anatero a Isidoro.

"Mwati bwanji?"

"Ndinafuna umodzi wokha. Itakodwa iwiri ndinalowa m'nyumba kukatenga bokosi. Nditafika kukhitchini sindinadziwe chimene ndadzera. Ndinatsuka poto, ndinakagona."

"Alamu," anatero Socorro motsitsa, "zinazi sizinenedwa."

"Zisiye zinenedwe."

Noemi anagwada patsogolo pawo n'kugwira mawondo awo. Tsopano iye ndi amene ankawaikira kumbuyo.

"Kunali kutopa, Bambo. Masiku atatu osagona, ndani sangaiwale? Inenso ndimalowa m'chipinda n'kuiwala chimene ndadzera."

"Iwe ukaiwala, umakumbukira ukangotuluka. Ine zinkalira panja pa zenera langa usiku wonse, ndili mtulo ngati khanda. Mlamu wangayu anandichenjeza dzulo masana, ndinamuyankha mwamwano. Sizinandibwerere ngakhale m'maloto, Noemi." Anatambasula dzanja pang'ono, anayang'ana, analifumbatanso. "Za nyemba zija ndinakuuza kuti kanali kamodzi kokha. Kanali kachitatu. Mapoto awiri ndinawakwirira kuseri kwa shedi."

Kumsewu kunadutsa galimoto ya wogulitsa mavwende ikuliza belu lake, inapita.

"Tingapeze munthu wodzagona kuno," anatero Noemi. "Kapena amayi aang'ono azidzakuonani m'mawa ndi madzulo. Tisathamange."

"Dzulo wothamanga unali iwe, lero wasintha?" Anayesa kumwetulira koma sizinatheke. "Socorro ali ndi zaka 74 ndipo saona bwino. Ukufuna tidzapsere limodzi? Lero ndi kambalame. Mawa adzakhala mdzukulu wanga nditamuiwala m'bafa."

Anatembenukira kwa mlamu wawo.

"Mabotolowa utenge, ukapachike kwako. Uzidzaza kawiri, madzulo ndi m'bandakucha, mpaka Okutobala atathe. Alendo a usikuwo akapita kum'mwera, kamodzi kadzakwana. Shuga ali m'kabati, thumba lonse."

"Ndamva, alamu," anatero Socorro, akupukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni.

"Noemi, cholembera uli nacho?"

"Bambo, sikuti mpaka lero. Mwezi usanathe pali masiku khumi. Ganizani kaye."

A Isidoro anaika kambalame kaja pamwendo pawo mosamala, anapukuta dzanja pabuluku, n'kulitambasulira kwa mwana wawo.

"Bweretsa ndisayine lero lomwe, ndikadali kukumbukira chifukwa chake."